Mlangizi wa zachuma: ntchito yake ndi moyo wake pakati pa anthu

Mlimi akaona kuti chimanga chake chagwidwa ndi mbozi amadziwa kopita: amakafunsa alangizi a zaulimi. Koma mlimi yemweyo akagulitsa soya n'kugwira ndalama zambiri nthawi imodzi, kapena mphunzitsi akalandira ndalama zopumira pa ntchito, kawirikawiri amangofunsa mnzake wapamtima kapena kuganiza yekha usiku. Chikhalirecho alipo anthu amene ntchito yawo ndi kulangiza ena pa nkhani za ndalama. Nkhani ino ikufotokoza momwe anthu amenewa amaphunzirira ntchito yawo, malamulo amene amawayang'anira, momwe amalipidwira, ndiponso momwe ntchitoyo imalukanirana ndi moyo wa m'banja, wa kumudzi ndi wa kumpingo.

Kodi mlangizi wa zachuma ndi ndani?

Ndi munthu amene amathandiza anthu, mabanja, magulu ndi makampani kuganiza bwino pa kagwiritsidwe ntchito, kasungidwe ndi kachulukitsidwe ka ndalama zawo. Ndalamazo si zake, ndipo chiganizo chomaliza si chake. Udindo wake ndi kumva zimene mwini ndalama akufuna, kuunika zimene ali nazo, kenako kumuyalira njira zimene zilipo pamodzi ndi ubwino ndi kuopsa kwa njira iliyonse. M'Malawi muno alangizi otere amapezeka m'mabanki, m'makampani a inshulansi ndi a penshoni, m'makampani ogula ndi kugulitsa masheya, ndiponso m'makampani oyendetsa chuma cha anthu ena. Ena amatsegula maofesi awoawo. Ambiri ali ku Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, kumene kuli maofesi akuluakulu a makampaniwa, koma foni zam'manja zachititsa kuti munthu wa ku Nsanje kapena ku Chitipa athe kulankhula nawo osakwera basi.

Amasiyana bwanji ndi akauntanti kapena wa ku banki?

Akauntanti amayang'ana kwambiri zimene zachitika kale. Amalemba mabuku a ndalama, amawerengera msonkho wopita ku Malawi Revenue Authority, ndipo amatsimikiza kuti zolowa ndi zotuluka zikugwirizana. Wogwira ntchito pakauntala ya banki amalandira ndi kupereka ndalama monga mwauzidwa ndi mwini akaunti. Wogulitsa inshulansi amadziwa bwino zimene kampani yake imagulitsa. Mlangizi wa zachuma amayang'ana kutsogolo, ndipo amaona moyo wonse wa munthu pamodzi: malipiro, munda, ngongole, ana amene ali pasukulu, makolo amene ali kumudzi, ndi zaka zimene zatsala kuti apume pa ntchito. Nthawi zambiri munthu mmodzi amagwira ntchito ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi, n'chifukwa chake ndi bwino kudziwa kuti pa nthawi imene akulankhula nanu akulangiza kapena akugulitsa.

Maphunziro a ntchitoyi

Njira imayambira ku sekondale, kumene munthu amafunika kukhoza bwino masamu ndi Chingerezi pa mayeso a MSCE. Ambiri amapitiriza ndi maphunziro a zowerengera ndalama, zamalonda kapena za kayendedwe ka chuma. Maphunzirowa amapezeka ku MUBAS mu mzinda wa Blantyre, imene mpaka 2021 inkadziwika kuti Polytechnic, ku University of Malawi ku Zomba, ku Malawi College of Accountancy, ndi m'mayunivesite ena a boma ndi a mipingo. Digiri payokha sikwanira. Pamwamba pake pamabwera mayeso a ukadaulo, monga a Institute of Chartered Accountants in Malawi, a Institute of Bankers in Malawi, a Insurance Institute of Malawi, kapena a kunja monga ACCA ndi CFA. Mayeso a CFA ali ndi magawo atatu ndipo amatenga zaka zingapo kuti munthu awamalize. Ambiri amawalemba ali kale pa ntchito, kuwerenga madzulo ndi kumapeto kwa sabata.

Munthu amakwera bwanji pa ntchitoyi?

Palibe amene amayamba ndi kulangiza anthu a chuma chambiri. Woyamba kumene amakhala kuseri: kulemba mafomu, kuwerengera chiwongoladzanja, kuwerenga malipoti a pachaka a makampani ndi kulembera akuluakulu ake zimene wapeza. Kenako amayamba kukhala nawo pa zokambirana ndi makasitomala, kumvetsera momwe mnzake wodziwa ntchito akufunsira mafunso ndiponso momwe akuuzira munthu nkhani yosakoma. Pakapita zaka amapatsidwa makasitomala akeake. Kuchokera apo njira zimagawikana: ena amakhala akatswiri a penshoni, ena a masheya, ena amayendetsa chuma cha mabungwe, ndipo ena amachoka kukatsegula kampani yawo. Pa njira zonsezi chinthu chimene chimamukweza munthu ndi mbiri. Kasitomala amene wathandizidwa bwino amabweretsa mlamu wake ndi mnzake wa kuntchito. Amene wakhumudwa amachenjeza anthu ochuluka kuposa pamenepo.

Chilolezo chimachokera kuti?

Malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010, Gavanala wa Reserve Bank of Malawi ndiyenso Registrar of Financial Institutions, kutanthauza kuti ofesi yake ndiyo imapereka ziphaso ndi kuyang'anira mabanki, makampani a inshulansi, a penshoni, obwereketsa ndalama ang'onoang'ono ndi ma SACCO. Lamulo lina la chaka chomwecho, Securities Act, limakhudza amene amalangiza anthu pa kuika ndalama m'masheya ndi m'zikalata za ngongole, amene amagula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu, ndi amene amayendetsa chuma cha ena. Onsewa ayenera kukhala ndi chiphaso. Phindu la chiphasocho kwa inu ndi lakuti pali ofesi imene ingathe kumufunsa mlangizi, kumulanga kapena kumulanda chilolezo. Mukakhala ndi dandaulo mumayamba mwakalipereka ku kampani imene akugwirako ntchito, ndipo ngati simunathandizidwe mumalitengera kwa Registrar.

Kukumana koyamba kumayenda bwanji?

Mlangizi wodziwa ntchito amayamba ndi mafunso, ndipo pa tsiku loyamba amamvetsera kwambiri kuposa kulankhula. Mumapeza ndalama zingati, ndipo zimabwera liti? Ndi anthu angati amene amadya kuchokera m'thumba lanu? Muli ndi ngongole kwa yani? Mukufuna chiyani m'zaka ziwiri, zisanu kapena makumi awiri zikubwerazi? Kodi ndalama zanu zitatsika mtengo kwa chaka chathunthu mungapirire? Mafunsowa amachititsa manyazi, chifukwa pachikhalidwe chathu nkhani ya malipiro ndi ngongole sitimakamba poyera, nthawi zina ngakhale pakati pa mwamuna ndi mkazi wake. Komabe malangizo amene amangidwa pa mayankho obisa sangathandize. Mlangizi amapemphanso chiphaso cha unzika ndi umboni wa kumene ndalama zikuchokera. Kumeneku si kukayikira munthu, ndi zimene lamulo limafuna kwa aliyense.

Kodi ndondomeko imasanjidwa motani?

Zinthu zili ndi poyambira pake. Choyamba ndi kudziwa kumene ndalama zikupita, ndipo njira yake ndi kulemba chilichonse chogulidwa kwa mwezi umodzi kapena iwiri, kuyambira lendi ndi magetsi mpaka mayunitsi a foni ndi ndiwo. Chachiwiri ndi kuthana ndi ngongole zokhala ndi chiwongoladzanja chachikulu, chifukwa palibe malo osungira ndalama amene angabereke mofulumira kuposa momwe ngongole yotere imadyera. Chachitatu ndi thumba la zadzidzidzi, limene alangizi ambiri amati likhale lokwanira kusamalira banja kwa miyezi itatu kufikira isanu ndi umodzi. Chachinayi ndi chitetezo: inshulansi ya moyo, ya chipatala kapena ya maliro. Zikatheka zimenezi m'pamene nkhani ya masheya, nyumba za lendi kapena bizinesi imabwera. Munthu amene wadumpha masitepe oyambawa amakakamizika kugulitsa katundu wake motchipa tsiku limene mwana wagonekedwa m'chipatala.

N'chifukwa chiyani kusunga kokha sikukwanira?

Chifukwa mitengo ya zinthu simaima. Mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Popeza mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala ambiri timagula kunja, mitengo ya zinthu inakwera motsatira. Tiyerekeze kuti munthu wasunga K1,000,000 pa akaunti yopereka K8 pa K100 iliyonse pachaka. Chaka chikatha ali ndi K1,080,000. Koma ngati mitengo yakwera ndi K30 pa K100 iliyonse, katundu amene akanagula ndi K1,000,000 tsopano akufuna K1,300,000. Papepala ndalama zachuluka, kumsika zachepa ndi K220,000. Kufotokoza kusiyana kumeneku ndi gawo lalikulu la ntchito ya mlangizi m'dziko muno. Iye amathandiza munthu kusiyanitsa ndalama zimene ziyenera kukhala pafupi, ngakhale zisabereke kwenikweni, ndi zimene zingathe kutumizidwa kukagwira ntchito kwa zaka zambiri.

Kodi ndalama zingaikidwe kuti?

Njira iliyonse ili ndi nthawi yake. Akaunti yosungitsa kwa miyezi yoikika imapereka chiwongoladzanja chodziwikiratu. Boma nalo limabwereka ndalama kudzera ku Reserve Bank pogulitsa zikalata zotchedwa Treasury bills, zimene zimakhwima pakatha masiku 91, 182 kapena 364. Pali msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange ku Blantyre, umene kampani yoyamba kulowapo inali NICO mu 1996. Lero pamsikawu pali makampani monga National Bank of Malawi, Standard Bank, Illovo Sugar, Press Corporation, TNM, komanso Airtel Malawi ndi FDH Bank zimene zinalowa mu 2020. Wogula sheya amakhala mwini wa kachigawo ka kampani: amalandirako phindu kampaniyo ikagawa, ndipo amapindula kapena kuluza mtengo wa sheya ukakwera kapena ukatsika. Palinso matumba osonkherana otchedwa unit trust, kumene ndalama za anthu ambiri zimayendetsedwa pamodzi. Mlangizi amalimbikitsa kugawa ndalama m'njira zingapo, kuti imodzi ikavuta zina zimugwire munthu.

Penshoni

Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, n'kulembedwanso mu 2023, linachititsa kuti kusungira ukalamba kukhale kokakamiza kwa anthu olembedwa ntchito. Wolemba ntchito amasonkha zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, ndipo wantchito amasonkha zosachepera K5. Ndalamazi zimapita ku kampani ya penshoni, imene imaziika m'masheya, m'nyumba ndi m'zikalata za boma kuti zibereke. Apa mlangizi ali ndi ntchito zitatu. Amakumbutsa wantchito kuona sitetimenti yake, chifukwa alipo olemba ntchito amene amadula ndalama pa malipiro koma osazipereka. Amamukumbutsa kulemba ndi kukonzanso mayina a anthu amene adzalandire ndalamazo iye akamwalira. Ndipo nthawi yopuma ikayandikira amakhala naye pansi kuti ndalama zolandira nthawi imodzi zisathere m'bizinesi imene munthu sanaichitepo chibadwire. Kwa amene sali pa ntchito yolembedwa, monga alimi ndi ochita malonda, mlangizi amawathandiza kudzipangira okha thumba la ukalamba.

Kodi mlangizi amalipidwa bwanji?

Njira zake ndi zinayi, ndipo iliyonse imakoka malangizo mbali yake. Ena amalandira malipiro a pamwezi kuchokera ku kampani imene inawalemba ntchito, choncho amadziwa ndi kulimbikitsa kwambiri zimene kampaniyo imagulitsa. Ena amadya komishoni: mukagula inshulansi kapena masheya kudzera mwa iwo amalandira kachigawo, choncho akapanda kugulitsa sadya. Ena amatenga kachigawo pachaka pa chuma chonse chimene akuyendetsa, motero amapindula chuma chanu chikamakula. Ena amalipiritsa ndalama yodziwika pa malangizo okha, kaya mugula chinthu kaya ayi. Palibe njira imene ili yoipa payokha. Choipa ndi kubisa. Mlangizi wokhulupirika amanena poyera kuti, “Bambo, mukatenga njira iyi ine ndipezapo chakuti,” ndipo saopa kuuza munthu kuti pakali pano asagule kalikonse, ayambe wamaliza ngongole.

Mlimi ndi wamalonda

Malangizo ambiri olembedwa m'mabuku amaganizira munthu wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, pamene Amalawi ambiri amadalira ulimi ndi malonda ang'onoang'ono. Mlimi wa fodya amagwira ndalama msika ukatsegulidwa cha mu Epulo ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu, ndipo ndalama zomwezo ziyenera kumufikitsa mu Januwale ndi Febuluwale, miyezi imene nkhokwe zimakhala zitapepuka ndipo chimanga chakwera mtengo. Mlangizi amamuthandiza kugawa ndalamazo zisanalowe m'thumba: za feteleza ndi mbewu, za antchito, za fizi ya matemu onse atatu, za chakudya, ndi zotsala. Kwa wamalonda vuto lalikulu ndi kusakaniza ndalama za bizinesi ndi za pakhomo, mpaka mpamba kudyedwa osadziwa. Mankhwala ake ndi osavuta kunena koma ovuta kutsata: kabuku kolembamo zogulitsa, akaunti kapena nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya bizinesi yokha, ndi malipiro oikika amene mwini bizinesi amadzipatsa.

Kodi banki m'khonde ikufunanso mlangizi?

Magulu osunga ndi kubwereketsana otchedwa banki m'khonde, amene njira yawo inayambitsidwa ndi bungwe la CARE ku Niger mu 1991, afalikira m'midzi ndi m'matauni a dziko lino. Kayendetsedwe kake n'kodziwika: anthu okhulupirirana, kawirikawiri pakati pa 15 ndi 25, amakumana pa tsiku loikika, amagula masheya a m'gulu, amabwerekana ndi chiwongoladzanja, amasonkha kathumba ka zovuta, ndipo pakatha pafupifupi chaka amagawana. Mlangizi wanzeru sanyoza magulu amenewa, chifukwa amaphunzitsa mwambo wosunga umene banki payokha singaphunzitse. Thandizo lake limakhala pa malo amene magulu amagwera: malamulo osalembedwa, kukakamiza mamembala kubwereka kuti chiwongoladzanja chichuluke, munthu mmodzi kulowa magulu anayi n'kumabwereka uku kuti abweze uko, ndi kusunga ndalama zambiri m'nyumba ya msungichuma. Amathandizanso pa funso limene limabwera tsiku logawana: kodi ndalamazi zigule zovala za Khrisimasi zokha, kapena zina zigule mbuzi, malata ndi feteleza?

Ngongole yabwino ndi yoipa

Mlangizi saletsa ngongole, amaiyeza. Funso lake ndi lakuti: kodi chimene mukubwerekera chidzabweza ngongoleyo chokha? Ngongole yogulira makina osokera kapena katundu woti agulitsidwe ili ndi pobwezera. Ngongole yochitira phwando ilibe. Amayerekezanso mitengo ya obwereketsa osiyanasiyana: mabanki, makampani obwereketsa ang'onoang'ono, ndi ma SACCO, amene bungwe lawo lalikulu la MUSCCO linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo mamembala awo amakhala eni ake a bungwe limene akubwerekako. Kumapeto kwa mndandanda kuli katapila. Ngati munthu wabwereka K100,000 pa chiwongoladzanja cha theka pamwezi n'kulephera kubweza, mwezi woyamba ngongole imafika K150,000, wachiwiri K225,000, wachitatu K337,500. Mlangizi amakumbutsanso kuti kuyambira pamene lamulo la 2010 linalola mabungwe osunga mbiri ya ngongole, kulephera kubweza ku kampani imodzi kungatseke makomo a ena.

Maliro, maukwati ndi achibale

Apa m'pamene mlangizi wa kuno amasiyanirana ndi buku. Munthu wa pantchito m'tauni amalipira fizi ya mwana wa mchemwali wake, amatumiza ya feteleza kwa makolo, amapereka chipepeso pamaliro, ndipo amaponya ndalama pa perekaniperekani. Wina angaone zonsezi ngati kuwononga, koma makolo anati kupatsa n'kuika: amene wathandiza lero ndiye adzathandizidwe mawa, ndipo kwa mabanja ambiri chibale ndicho inshulansi yokhayo imene ali nayo. Choncho mlangizi sauza munthu kuti asiye kuthandiza. Amamuthandiza kuika thandizolo m'bajeti, kukhala ndi malire odziwika pamwezi, kugawana udindo ndi abale ena, ndi kulingalira inshulansi ya maliro imene imaphatikizapo makolo. Amalangizanso kuti thandizo lina likhale lomuimika munthu payekha, monga maphunziro a ntchito zamanja, kuti amene akuthandizidwa lero adzachoke pa mndandanda wa odalira.

Abale amene ali kunja

Amalawi ambiri akugwira ntchito ku Johannesburg, Cape Town, Durban ndi m'mizinda ya ku Britain, ndipo amatumiza ndalama kwawo kuti zimange nyumba kapena ziyambitse bizinesi. Nkhani zodandaulitsa zimene zimamveka kawirikawiri ndi za munthu amene wabwerera patapita zaka n'kupeza maziko okha. Mlangizi amathandiza kupewa zimenezi popanda kudanitsa abale. Amalangiza kutumiza ndalama kudzera m'njira zovomerezeka zimene zimasiya umboni, kukhala ndi akaunti ya m'dzina la mwini ndalama, kuonetsetsa kuti mapepala a malo ali m'dzina lake, ndi kulipira ntchito yomanga pang'onopang'ono, gawo lililonse likatha n'kuonedwa. Amasiyanitsanso ndalama zothandizira pakhomo ndi zachitukuko, kuti aliyense adziwe za kudya ndi zosakhudza. Ndipo amakumbutsa za inshulansi yonyamulira maliro, chifukwa kubweretsa thupi kuchokera kunja kumadya ndalama zimene mabanja ambiri sangazipeze mwadzidzidzi.

Chuma chamasiye

Anthu ambiri amaopa kukamba za imfa, koma mlangizi sangaidumphe nkhaniyi. Lamulo la 2011 lokhudza wilo ndi chuma chamasiye limateteza mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana, ndipo limati kulanda chuma chamasiye ndi mlandu. Ngakhale zili choncho, banja limene lasiyidwa popanda wilo limatha kutaya nthawi yaitali ndi ndalama m'maofesi ndi m'makhoti. Wilo imalembedwa ndi kusainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndipo pa kalembedwe kake mlangizi amatumiza munthu kwa loya. Gawo lake iye ndi kuthandiza kulemba mndandanda wa zonse zimene munthu ali nazo: maakaunti, masheya, penshoni, inshulansi, malo, ziweto ndi ngongole, komanso kumene mapepala ake ali. Chuma china chimasowa osati chifukwa chabedwa, koma chifukwa mwini wake sanauze aliyense kuti chilipo.

Maudindo a m'dera

Munthu akadziwika kuti amadziwa za ndalama, maudindo amamutsata. Kumpingo kapena kumzikiti amasankhidwa kukhala msungichuma, kusukulu amalowa m'komiti ya makolo, paukwati amamupatsa buku la zopereka, ndipo pamaliro amakhala pambali pa wolandira chipepeso. Ena amaphunzitsa achinyamata ndi magulu a amayi, kapena kuyankha mafunso pawailesi. Maudindowa ndi mwayi wotumikira, komanso ndi mayeso a poyera. Msungichuma wabwino amaumirira kuti ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, akaunti ikhale ndi osainira angapo, malisiti asungidwe, ndipo lipoti liwerengedwe pamaso pa onse. Amachita zimenezi podziteteza yekha ndi poteteza gulu. Amasamalanso kuti asasandutse mpingo kukhala msika wake: udindo wa m'gulu ndi wotumikira, ndipo amene akufuna malangizo a iye yekha amamupeza ku ofesi pa nthawi ya ntchito.

Chinsinsi ndi malire

Mlangizi amadziwa zinthu zimene ngakhale ankhoswe sadziwa: amene ali ndi ngongole yaikulu ngakhale akuyenda pa galimoto yokongola, ndi amene ali ndi chuma ngakhale akuyenda wapansi. Anthu omwewo amakumana nawo kumsika ndi kumaliro. Chinsinsi chawo sachiulula kwa mkazi wake, kwa mnzake kapena kwa abusa. Malire a chinsinsichi amaikidwa ndi lamulo: Financial Crimes Act ya 2017 imafuna kuti ndalama zokayikitsa zinenedwe ku Financial Intelligence Authority. Malire ena ndi a chibale. M'bale akabwera n'kunena kuti, “Achimwene, tengani ndalamazi muzindisungira, inu ndinu odziwa,” yankho loyenera ndi kumuperekeza kukatsegula akaunti ya m'dzina lake. Ndalama za kasitomala sizilowa m'thumba kapena mu akaunti ya mlangizi, ngakhale kasitomalayo akhale mayi ake omubereka.

Kodi wachinyengo amadziwika bwanji?

Achinyengo amavala ngati alangizi ndipo amalankhula ngati alangizi, koma zizindikiro zawo sizisintha. Amalonjeza phindu lalikulu m'masiku ochepa ndipo amati palibe chiopsezo. Amafulumizitsa, n'kumati mwayi utha mawa. Amakupemphani kuti mubweretse anzanu kuti mulandire zambiri. Satha kufotokoza momveka bwino kumene phindulo likuchokera, ndipo ndalama amati zitumizidwe pa nambala ya foni ya munthu. Njira zotere zimayenda polipira olowa koyamba ndi ndalama za olowa pambuyo, choncho oyambawo amachitira umboni ndi mtima woona kuti analandiradi. Tsiku limene olowa atsopano achepa, zonse zimagwa. Popeza zimafalikira kudzera mwa anthu okhulupirirana, pa WhatsApp ndi Facebook, m'mipingo ndi m'maofesi, zimawononga chuma pamodzi ndi ubale. Mlangizi weniweni amakhala woyamba kuchenjeza, ngakhale anthu amuone ngati wansanje.

Mafunso oti mufunse musanamukhulupirire

Simufunika kukhala wolemera kapena wophunzira kwambiri kuti mupite kwa mlangizi, koma muyenera kupita ndi mafunso. Kodi muli ndi chiphaso, ndipo kampani yanu ili m'kaundula wa Registrar? Mumalipidwa ndi yani, ndipo mupezapo chiyani pa zimene mukundilangizazi? Ndalama zanga zikakhala kuti, ndipo m'dzina la yani? Choipa kwambiri chimene chingachitike n'chiyani? Ndikazifuna mwadzidzidzi ndingazitenge pakatha masiku angati, ndipo mudzandidula zingati? Kodi sitetimenti ndizilandira liti? Pemphani kuti mayankho alembedwe, ndipo ngati Chingerezi cha pafomu chikuvuta, pemphani kuti akufotokozereni m'Chichewa kufikira mutamva. Mlangizi woona amakondwera ndi mafunso otere, chifukwa ntchito yake yonse yaima pa kukhulupirika. Musasaine pepala limene simunalimvetse, ndipo musapereke ndalama kwa munthu amene wakana kuyankha.